Mlengalenga Ndi wa Tonse: Za WiFi pa Msonkhano wa Khamu

Ndikupemphani kuti mundilole ndikambe nanu mofatsa za nkhani imene makomiti okonza misonkhano amakonda kuiika kumapeto kwenikweni, pambuyo pa ufa, nkhuni, madzi, malo ogona ndi zokuzira mawu, ngakhale kuti tsiku la msonkhano likafika ndiyo imayamba kudandaulitsa anthu nsima isanapse. Ndikunena za intaneti yopanda nthambo, imene tonse tinazolowera kuitchula kuti WiFi, makamaka pamene anthu mazanamazana kapena zikwizikwi asonkhana pamalo amodzi, ndipo osenza ntchito yonse ali anthu ongodzipereka, osayembekeza malipiro.

Pa 7 June 2010, mumzinda wa San Francisco, Steve Jobs, amene pa nthawiyo anali mkulu wa kampani ya Apple, anaimirira pamaso pa khamu la akatswiri ndi atolankhani kuti aonetse foni yatsopano ya iPhone 4. Ndipo taonani, tsamba la nyuzipepala limene anafuna kutsegula linakana kutseguka, dziko lonse likuyang'ana. Patapita kanthawi anafotokozera anthuwo chifukwa chake, kuti m'chipinda chomwecho munali tizipangizo 570 tofalitsa WiFi, tambiri mwa ito tobwera ndi alendo eni ake, ndipo anawadandaulira kuti atizimitse. Kampani imeneyo sinali yosauka, ndiponso amisiri odziwa ntchito sanali kusowa kumeneko. Chimene chinasowa tsiku limenelo chinali mpata mumlengalenga, chinthu chimene ndalama sizingagule. Ndipo ngati zinatero pa mtengo wauwisi, kuli bwanji ife amene timakonza misonkhano ndi ndalama za chopereka?

Tiyeni tsono timvetse chimene chimachitika, pakuti pamenepa ndi pamene pagona nkhani yonse. Foni yanu ikamalankhulana ndi kabokosi ka WiFi kamene kapachikidwa pakhoma, zonse ziwiri zimagwiritsa ntchito mafunde a wailesi, ofanana mtundu ndi amene amabweretsa mawu mu wailesi ya kunyumba kwanu. Koma pamene wailesi yanu ingomvetsera chabe, foni imamvetsera ndi kuyankhanso, ndipo pa tchanelo chimodzi, pamalo amodzi, chipangizo chimodzi chokha ndicho chingathe kulankhula pa nthawi imodzi. Zili monga pabwalo la mfumu mlandu ukamakambidwa: munthu amayamba wamvetsera ngati pali wina akulankhula, akaona kuti pali zii ndiye amatsegula pakamwa, awiri akayamba pamodzi mawu awo amasokonezana, onse amaleka, nadikira pang'ono, kenaka mmodzi n'kuyambanso, ndipo nkhalamba yolankhula modekha, ngakhale mawu ake akhale ochepa, imatenga nthawi imene anyamata asanu akadalankhulira. Nzeru yogawana mlengalenga motere inayambira kutali, pa yunivesite ya Hawaii, kumene Norman Abramson ndi anzake analumikiza makompyuta a pazilumba ndi mafunde a wailesi m'chaka cha 1971. Malamulo oyamba a WiFi, otchedwa 802.11, anakhazikitsidwa mu 1997, ndipo ngakhale zipangizo zasintha kwambiri kuchokera nthawi imeneyo, mwambo wa kudikirana sunachoke. Chotero munthu akati intaneti yachepa pamsonkhano, kawirikawiri chimene chachepa ndi nthawi yolankhulira, yomwe mafoni onse akulimbirana.

Matchanelo nawonso ndi owerengeka. Pa mafunde a 2.4 GHz, amene foni iliyonse ngakhale yakale imawadziwa, pali matchanelo atatu okha amene salowererana, ndiwo 1, 6 ndi 11. Ndipo m'dera lomwelo la mafunde mumadutsanso Bluetooth ya timahedifoni ta m'makutu, pamodzi ndi phokoso la mauvuni a microwave otenthetsera chakudya. Pa mafunde a 5 GHz mpata ndi waukulu, matchanelo amafika makumi awiri kapena kuposerapo malinga ndi malamulo a dziko, ngakhale kuti ena mwa iwo amayenera kupatukira makina a radar oyeza nyengo ndi olondolera ndege. Kuno kwathu bungwe la MACRA ndilo limayang'anira kagawidwe ka mafunde. Mafunde a 5 GHz safika patali ndipo khoma limawafooketsa msanga, chimene mwini nyumba amachiona ngati chilema. Koma kwa wokonza msonkhano wa khamu limeneli ndi dalitso lenileni, chifukwa tchanelo chimene chagwiritsidwa ntchito m'chipinda chino chingathe kugwiritsidwanso ntchito m'chipinda chachitatu popanda kusokonezana.

Apa ndi pamene ambiri amaphunthwa, ndipo ndikufuna ndichedwepo pang'ono. Komiti ikamva kuti anthu adzachuluka, maganizo ake oyamba amakhala akuti igule rauta imodzi yamphamvu kwambiri yofalitsa WiFi, ya tinyanga titalititali, iikidwe patsogolo pafupi ndi gome la akuluakulu, kuti mafunde ake afike mpaka kuchipata. Koma rauta yofuula imamveka kutali pamene foni, imene mphamvu yake ndi yochepa ndipo ili m'thumba la munthu, siingathe kuyankha kuti imveke. Foniyo imaonetsa mizere yonse yodzaza, mwini wake n'kumadabwa kuti uthenga sukupita. Ndiponso foni yakutali imalankhula pa liwiro lotsikitsitsa, nidya nthawi ya onse amene ali pafupi. Komiti ina, yochenjera pang'ono, imagula marauta asanu ndi kuwatsegula onse pa mphamvu yawo yonse, osasamala za matchanelo. Zotsatira zake n'zakuti marautawo amamvana okhaokha, iliyonse n'kumadikira inzake, kotero kuti asanuwo amagwira ntchito ya imodzi. Njira ya amisiri odziwa ndi yosiyana ndi zimenezi, ndipo poyamba imaoneka ngati yobwerera m'mbuyo: amachulukitsa timabokosi, natsitsa mphamvu ya kalikonse, kuti kalikonse katumikire anthu makumi ochepa amene ali pansi pake, ndipo oyandikana nako akhale pa tchanelo china. Amatipachika pamwamba, kupitirira mitu ya anthu, pakuti thupi la munthu mbali yake yaikulu ndi madzi, ndipo madzi amameza mafunde amenewa. N'chifukwa chake holo imene munaiyesa Lachinayi ili yopanda anthu, zonse zikuyenda bwino, imasanduka ina Loweruka anthu atadzaza mpaka m'makonde. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Musakhulupirire muyeso wa m'holo yopanda anthu.

Ndipo chodabwitsa n'chakuti intaneti yopanda nthambo imaima pa nthambo. Kabokosi kalikonse kayenera kukhala ndi nthambo yakeyake yochokera ku swichi (bokosi logawira netiweki ku nthambo zonse), nthambo imene masiku ano imanyamula uthenga ndi magetsi omwe, koma imene siyenera kupitirira mamita 100. Mtunda ukaposa pamenepo pafunika swichi ina kapena nthambo ya faiba. Tizipangizo tongobwereza mafunde, timene timagulidwa kuti tipewe ntchito yoyala nthambo, timathandiza m'nyumba ya banja limodzi. Koma pa khamu timawonjezera vuto, popeza uthenga uliwonse umanenedwa kawiri mumlengalenga momwe mwadzaza kale.

Kuti muone kuti zimenezi n'zotheka ndi manja a anthu ongodzipereka, tiyeni tipite ku Germany. Kumeneko kuli bungwe la okonda makompyuta lotchedwa Chaos Computer Club, limene linayamba mu 1981, ndipo kuyambira 1984 limachititsa msonkhano waukulu m'masiku a pakati pa Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano. Msonkhanowu wachitikirapo ku Hamburg, ku Berlin ndi ku Leipzig, ndipo wa ku Leipzig mu 2019 unasonkhanitsa anthu pafupifupi 17,000, ambiri a iwo atanyamula laputopu, foni ndi tizipangizo tina tambirimbiri. Ogwira ntchito kumeneko ndi anthu a msonkhano omwewo, amene amatchedwa angelo, ndipo amalembetsa okha maola amene adzatumikire, wina pachipata, wina pa kamera, wina kutola mabotolo. Gulu loyang'anira netiweki limafika masiku angapo msonkhano usanayambe, ndi zipangizo zimene zambiri amachita kubwereka, nayala nthambo, napachika timabokosi, nayesa chipinda ndi chipinda. Msonkhano ukatha amamasula zonse ndi kubweza kwa eni ake.

Koma chimene chimandigwira mtima koposa ndi msasa wawo wa panja, umene umachitika kamodzi pa zaka zinayi kuyambira 1999, ndipo mu 2015, 2019 ndi 2023 unachitikira ku Mildenberg, kumpoto kwa Berlin, pamalo pamene kale ankaumbirapo ndi kuotchera njerwa. Kumeneko anthu zikwi zingapo amagona m'matenti mwezi wa August, pa dzuwa, pa fumbi ndi pa mvula, monga mmene timachitira ife pa misonkhano ya misasa. Ndipo funso limene amisiri anakumana nalo linali lakuti, kodi swichi, imene imadana ndi madzi, tidzaisunga kuti pakati pa thengo? Yankho lawo ndi lonyozeka m'maso koma lanzeru zedi: amabwereka tizimbudzi ta pulasitiki tonyamulika, timene timaikidwa pa malo a zomangamanga, n'kuikamo maswichi m'malo mwa ntchito yake ya masiku onse, chifukwa kachimbudzi kotere kali ndi denga losadontha, kali ndi chitseko chokhomeka, n'kosavuta kukapeza ndiponso kukanyamula. Tinyumba timeneti amatimwaza m'munda monse ndi kutilumikiza ndi faiba. Munthu wa m'tenti amakoka nthambo yake kukafika pa kanyumba kapafupi, a gulu la netiweki n'kudzamulumikiza. Motero makompyuta ambiri olemetsa amachoka mumlengalenga n'kulowa m'nthambo, ndipo mlengalenga umatsalira mafoni a anthu oyendayenda. Pamwamba pa izi, alendo amapemphedwa poyera kuti asatsegule WiFi yawoyawo, ndi kuti amene chipangizo chake chingathe asankhe mafunde a 5 GHz. Ndipo pa tsiku lotsiriza magulu onse a ntchito amaimirira pamaso pa anthu kupereka lipoti, kunena zimene zinayenda ndi zimene zinalephereka, kuti odzakonza msonkhano wotsatira asadzayambire pa chiyambi. Mwambo umenewu wa kuulula poyera ndimaulemekeza kwambiri, pakuti kwathu kuno nzeru zambiri zimapita ndi munthu amene anazipeza, akasamuka kapena akatopa.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene kagwetsa misonkhano yambiri. Chipangizo chilichonse chikalowa pa netiweki chimapatsidwa nambala yake, imene amaitcha adiresi, ndipo rauta ya m'nyumba mwachizolowezi imakhala ndi maadiresi osapitirira 254, amene imabwereketsa kwa maola ambiri, nthawi zina tsiku lathunthu. Munthu wongodutsa m'mawa amapita ndi adiresi yake, ndipo pofika masana maadiresi atha. Wobwera pambuyo foni yake imaona netiweki, imalandira mawu achinsinsi, koma n'kungozungulira osalowa. Mankhwala ake ndi a mphindi zochepa: kukulitsa nkhokwe ya maadiresi kuti ipose kutalitali chiwerengero cha zipangizo, ndi kufupikitsa nthawi yobwereketsa. Powerenga, musawerenge mitu ya anthu, werengani zipangizo, popeza munthu mmodzi angathe kubwera ndi ziwiri kapena zitatu. A msonkhano wa FOSDEM, umene anthu ongodzipereka amakonza chaka ndi chaka pa yunivesite ya ULB mumzinda wa Brussels, kumene anthu zikwizikwi amalowa ulere popanda kulembetsa, anapita patali koposa: mu 2014 netiweki yawo yaikulu anaiika pa dongosolo latsopano la IPv6, limene maadiresi ake ndi ochuluka osatheka kutha, nasiya netiweki ina pambali yothandizira zipangizo zimene sizinali zokonzeka. Koma mayina a netiweki asachuluke, pakuti kabokosi kalikonse kamalengeza dzina lililonse pafupifupi kakhumi pa sekondi imodzi, ndipo kulengezako nakonso kumadya nthawi. Awiri kapena atatu akwanira.

Za njira yotulukira kunja, imene imalumikiza malo a msonkhano ndi dziko lonse, sindichulukitsa mawu, chifukwa ndiyo imene aliyense amaikumbukira. Ikhale faiba, ikhale ya makampani a mafoni, ikhale mbale ya Starlink imene inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, chofunika n'chakuti muiyese pamalo pomwepo masiku akadalipo, ndi kuti pakhale njira yachiwiri yosadalira yoyambayo. Dziwani kuti nsanja ya mafoni ya pafupi nayonso idzalemedwa ndi khamu lomwelo, motero njira imene inathamanga pa tsiku loyesa ingathe kukwawa pa tsiku la msonkhano. Ndipo mbale yoyang'ana kumwamba, ingakhale yabwino chotani, siichotsa kupanikizana kwa mafunde m'kati mwa holo. Magetsi nawo muwaganizire: akazima, ngakhale jenereta ilire pasanathe mphindi imodzi, timabokosi tonse timayamba tafa, ndipo podzuka timatenga mphindi zingapo, kenaka mafoni onse amathamangira kulowa nthawi imodzi. Batire losunga maswichi ndi rauta yaikulu pa kamphindi kameneko ndi lotsika mtengo poyerekeza ndi chisokonezo chimene limaletsa.

Tsono pali funso limene amisiri sangayankhe okha, ndipo ndi la inu akuluakulu a komiti: kodi zinthu zikathina, ayambe kutumikiridwa ndani? Ine ndikuti gome lolembetsera alendo, malo a chithandizo choyamba cha odwala, olandira ndalama, ndi kompyuta imene ikuulutsa msonkhano kwa abale akutali, zonsezi zichotsedwe pa WiFi ya khamu ndi kupatsidwa nthambo, kapena netiweki yawoyawo imene alendo sangalowemo. Pakuti si bwino kuti namwino alephere kuitana galimoto chifukwa mazana a anthu akutumiza zithunzi za kwaya. Alendo apatsidwe gawo lawo mokoma mtima, koma ndi malire pa chipangizo chilichonse, ndipo netiweki yawo ikonzedwe mwakuti foni ya mlendo mmodzi isathe kusuzumira m'foni ya mnzake. Ngati chuma chili chochepa kotero kuti simungathe kutumikira onse, nenani zoona msonkhano usanayambe, kuti WiFi ilipo ya ogwira ntchito okha, kapena kuti ikupezeka pa khonde lakutilakuti. Munthu wouzidwa zoona amadzikonzekera, koma wolonjezedwa zimene kulibe amanyamuka ndi mkwiyo.

Inunso alendo muli ndi mbali yanu, ndipo si yaing'ono. WiFi ikayamba kuchedwa, munthu amatsegula hotspot pafoni yake kuti alumikize laputopu. Potero wawonjezera wolankhula wina pa matchanelo atatu aja, WiFi ichedwa koposa, woyandikana naye atsegulanso yake, ndipo posakhalitsa holo yonse yafika pamene inafika ya ku San Francisco. Palibe mmodzi wa iwo amene anafuna kulakwira mnzake, komabe onse pamodzi atsekereza njira. Chotero ngati mufuna kugawira laputopu yanu intaneti ya pafoni, lumikizani ndi kanthambo kotchajira; mafoni anu muwaletse kukopera mapulogalamu atsopano ndi kutumiza zithunzi zonse kosungira kufikira mutabwerera kunyumba; ndipo mukaona vuto, kauzeni a netiweki malo ndi nthawi yake, mwaulemu, pokumbukira kuti munthu amene mukulankhula nayeyo mwina sanagone.

Pa anthu amenewa, ongodzipereka, ndi pamene mtima wanga uli. M'misonkhano yathu ya mipingo, ya achinyamata, ya mabungwe othandiza pa nthawi ya ngozi, kawirikawiri pamakhala mnyamata kapena mtsikana mmodzi amene onse amati amadziwa makompyuta. Amauzidwa za ntchitoyi kutatsala masiku awiri, amapatsidwa rauta ya muofesi ndi chingwe chimodzi cha magetsi, ndipo zinthu zikalephereka dzina lake ndilo limatchulidwa pa chokuzira mawu. Chimenechi si chilungamo, ndiponso si nzeru. Mutu umodzi susenza denga: ntchito imeneyi ifuna anthu angapo osinthana, kuti wina akamadya kapena kugona wina akhale maso, ifuna mapu a malo osonyeza pamene kabokosi kalikonse kali, ifuna nthambo zolembedwa mayina kunsonga zonse ziwiri, zomatidwa bwino pansi kuti agogo asakodwe, ifuna kuti mawu achinsinsi a zipangizo asakhale m'mutu mwa munthu mmodzi yekha, amene angadwale malungo usiku wa Lachisanu. Ndipo ifuna kuti wina amene ali ndi ulamuliro aime kumbuyo kwa achinyamatawa pamene akupempha mlendo wolemekezeka kuti azimitse hotspot yake, pakuti mwana sangathe kudzudzula wamkulu popanda womuikira kumbuyo.

Chotero ndikupemphani, inu apampando, alembi ndi asungichuma amene mukukonzekera msonkhano m'miyezi ikudzayi: pa nkhumano yanu yoyamba, pomwe mukusankha oyang'anira zophika ndi malo ogona, sankhaninso oyang'anira netiweki, ndipo akhale atatu kapena kuposerapo. Apatseni chiwerengero cha alendo, apatseni makiyi a holo kuti akayendere malo ndi kuyeza mitunda mwezi usanathe, ikani ndalama ya nthambo ndi mabatire mu bajeti, ndipo msonkhano ukatha muwapemphe alembe zimene anaona, pepalalo lisungidwe ndi mlembi kuti odzabwera pambuyo adzalipeze.